Kupuma kwa Kompyuta ya Nasiru

Nasiru atamwalira, kashopu kake ka magemu pa Ulongwe kanatsala m'manja mwa mayi ake, Abiti Chande. Mkazi wake Shamim anali m'nyumba pa eda, kulira mwamuna wake monga mwa Chisilamu, sakanatuluka kukakhala pamsewu ndi anyamata a kabaza. Ndiye Abiti Chande ananyamula dengu lawo la milamba ya ku nyanja ya Chiuta kuchoka mumsika, nkudzaliika pakhomo pa shopuyo. Nsomba kunja, magemu m'kati, iwo pampando pakati.

Za kompyuta sankadziwa kanthu. Ankadziwa batani loyatsira ndi kutambasula dzanja munthu akafuna kusewera, basi. Chinali chibokosi chakuda chimene Nasiru anabwera nacho kuchokera ku Joni, atachikulunga m'bulangete ngati khanda.

Pamaliro sanalire kwenikweni. Anthu ananena, iwo anamva, nkuzisiya. Ankadzuka, kuswali, kugulitsa, kudya. Chakudya chinkangodutsa.

Chimene chinawakanika ndi phokoso. Mpira wa pa kompyutayo ukafika pokoma, chibokosicho chinkayamba kupuma. Fuuu, fuuu, ndipo pamwamba pake pamamveka kakulira kopyapyala ngati wezulo yong'aluka. Ndi mmenemo ndendende ankapumira Nasiru tsiku lija mphumu inamutseka pachifuwa, iwo atamugwira kumsana pabedi la kuchipatala, mpaka kupumako kunasiya.

Tsiku lina m'mawa, shopu ilibe munthu, anasuzumira m'timabowo ta m'mbali mwa chibokosicho. Anaona kanthu kakuzungulira. Anathyola kansungwi m'mphepete mwa dengu, nkukalowetsa. Kanthuko kanati kwe! nkuima, kansungwi nkuthyokera m'kati. Mushopu munati zii. Iwo anabwerera pampando. Sanaganizenso za izo, monga munthu saganizanso akamangirira madigadi a njinga kuti asiye kugogoda.

Kuyambira pamenepo kompyuta inayamba matenda. Kuyaka imayaka bwinobwino. Nyimbo imaimba, matimu imasankhitsa. Koma mpira ukangotentha, anthu nkuyamba kukuwa, sikirini inkangoti bii. Osewera ankafuna ndalama zawo.

"Mwasewera kapena simunasewere?" Abiti Chande ankafunsa.

"Theka, amayi."

"Nsomba ukaidya theka umabweza?"

Anthu anayamba kuchepa. Abiti Chande sizinawakhudze.

Amene sanasiye kubwera ndi Blasius, wa kabaza wa njinga yamoto, mnzake wa Nasiru kuyambira ku pulayimale. Ndi iyeyu amene anawakweza onse awiri kupita kuchipatala tsiku lija, Nasiru pakati, mayi kumbuyo. Masana ena anaimika njinga yake pansi pa mtengo, nkulowa, nkukhala osasewera.

"Amayi, munamuonapo Nasiru m'menemu?"

"Iwe, usandiseweretse. Nasiru anatuluka pa jeneza kupita kumanda ine ndikuona."

"Iyayi, bwerani muone."

Anabwera chifukwa kunja kunalibe wogula. Blasius anadinadina, ndipo pa sikirini panatuluka munthu wamfupi, wa ndevu zosakwanira pachibwano, mphumi yotakata ngati ya malemu bambo ake. Anatembenuka. Kumsana kwa jezi kunali zilembo. Abiti Chande sukulu anailekera pakhomo, koma dzina limenelo ankalidziwa maonekedwe ake. Analiona koyamba pa khadi la kusikelo.

"Anadzipanga yekha," anatero Blasius. "Anatha sabata akukonza mphuno yokha. Timamuseka kuti wadziwonjezera msinkhu."

"Wadziwonjezeradi."

Mpira unayamba. Nasiru uja anathamanga kuchoka pakati mpaka kugolo, nkubwerera, nkupitanso. Sanagwire pachifuwa. Sanawerame. Ali moyo sanamalizepo mpira ndi umodzi womwe: ankalowa m'bwalo la pasukulu ndi ukali wonse, posakhalitsa nkumakhala pansi kunja kwa mzere, anzake akumukupiza ndi malaya. Abiti Chande anaima chilili, manja onunkha utsi wa nsomba ali m'chiuno.

Sikirini inati bii.

"Yatsanso."

Blasius anayatsa. Ulendo uno inazima msanga kuposa poyamba.

"Ndikufuna ndimuone amalize," anatero Abiti Chande, mawu ake omwe aja amene amatchulira mtengo wa nsomba. "Kandipezere mmisiri. Osati awa okonza mawailesi."

M'mawa mwake Blasius anabwera ndi mtsikana wa ku Balaka, dzina lake Scholastica, wa korona m'khosi ndi chikwama cha zitsulo kumsana. Abiti Chande anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mmisiriyo akubwera pambuyo?"

"Ndi ineyo, mayi."

Scholastica anatchula mtengo wake. Abiti Chande anaseka kuseka kopanda mano.

"Ukufuna kugula shopu kapena kukonza? Ndikupatsa theka, pamwamba milamba iwiri yaikulu. Ikakanika, milamba yokha."

"Nanga thiransipoti?"

"Wabwera pa njinga ya mwana wanga uyu. Thiransipoti yake iti?"

Mtsikanayo anayang'ana Blasius, Blasius anayang'ana denga. Anavomera.

Anayamba ndi mafunso. Imazima nthawi yanji? Ikangokhala osaseweredwa imazimanso? Magetsi a m'chipindamo amaphethira ikamazima? Blasius ndiye ankayankha. Ikangokhala, iyayi. Babu siliphethira. Imazima mpira ukafika pamoto.

"Alipo anaitsegulapo?"

"Palibe," anatero Abiti Chande. Ndipo sananame.

Scholastica anagwada pansi nkusolola ekisitenshoni yakuda ndi utsi, yomangidwa ndi pepala la shuga pamene waya anasupuka. Anaichotsa, nkulumikiza kompyuta kukhoma mwachindunji. Blasius anasewera. Inazima. Anatulutsa kamita kake nkupima magetsi a pasoketi, anali okwanira. Anamva kuti waya wa shopuyo ndi umodzi ndi wa ometa tsitsi a khomo linalo, ndiye anapita kukawapempha kuti azimitse mashini awo pang'ono. Wometa anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, onse kudzaonerera pawindo. Inazimanso.

"Milamba yokha," anatero Abiti Chande.

"Dikirani, mayi."

Anadikira kuti izizire, nkuyatsa, nkuika kapulogalamu kake kochokera pa fulashi. Pakona pa sikirini panaoneka manambala. Anauza Blasius kuti asewerenso, iye maso ali pa manambalawo. Ankangokwera. Anaika dzanja m'mbali mwa chibokosi nkulichotsa msanga.

"Apa mukhoza kuwambapo nsomba zanu. Si magetsi, ikutentha. Komanso yangoti duu, kompyuta yotere siikhala chete mpira uli m'kati. Ndiitsegule."

"Iyayi."

"Mayi?"

"Amisiri ndimakudziwani. Mumatsegula, chabwino nkulowa m'chikwama, chakufa nkutsala. Konza uli kunja."

"Nanga nsomba mumaitumbula ili kunja?"

"Mwana wanga sanang'ambidwe. Ichinso sichitsegulidwa."

Wometa ndi kasitomala wake anachoka pawindo. Scholastica anayamba kulongedza kamita kake m'chikwama, osafulumira.

"Ndikuuzeni zoona, mayi, kenako ndizipita. Kuzimaku ikudzizimitsa yokha, kuthawa kupsa. Koma mukamangoyatsa, kuyatsa, tsiku lina idzachedwa kuthawa. Chitsulo chimene chimajambula anthu othamangawa chidzapsa. Ku Balaka kulibe, ndipo mtengo wake ndi madengu ambiri. Za mwana wanu Blasius wandiuza panjira. M'katimo adzakhalamo ndithu, koma simudzamuonanso akuthamanga."

Abiti Chande anayang'ana kunja. Minibasi ya ku Mangochi inaima, kondakitala akukuwa, amayi a tomato akuthamangira mawindo. Anayang'ana mpaka inanyamuka.

"Tsegula. Koma ndikhala pompano. Sikuluwu iliyonse m'dzanja langa."

Anakokera mpando pafupi, bondo lawo kugunda bondo la mtsikanayo. Scholastica anamasula, akuponya masikuluwu m'chikhatho chawo. Chitseko cha m'mbali chinachoka. M'katimo munali fumbi lofiira la mumsewu, lomatirira ngati thonje, ndi mphemvu youma. Anapukuta ndi kaburashi, akupemerera ndi kapampu ka mphira, Blasius akuyetsemula. Atafika pa chitsulo chachikulu chopingasa, anaunikira ndi tochi ya foni pansi pake, nkuima.

"Aaa! Ichi n'chiyani?"

Analowetsa kapulayazi, nkusolola kansungwi kotalika ngati chala, kodetsedwa kunsonga.

"Ana a pano alibe mwambo!" anakuwa Blasius. "Ndikamugwira ameneyo ndimumangirira kumbuyo kwa njinga mpaka ku Liwonde!"

Analanda kansungwiko kuti akaone bwino. Kananunkha mlamba. Anayang'ana dengu pakhomo, m'mphepete mwake mothyoka.

"Kansungwi kanga ako," anatero Abiti Chande. "Chimasokosa."

Scholastica anatsegula pakamwa, koma Blasius anamugwira pamkono, nkupukusa mutu pang'ono. Iye phokoso limenelo analimva kumsana kwake njira yonse ya kuchipatala.

"Chitseke pakamwa mwanjira ina," anapitiriza Abiti Chande. "Ndiwe mmisiri."

Mtsikanayo anazungulitsa fani ndi chala. Inazungulira, ikukhula pang'ono. "Mwayi wake sinafe. Iyi ndi imene imatulutsa moto m'katimu, mayi. Ntchito ikachuluka imathamanga, ikathamanga imamveka. Ndidonthezamo mafuta, kakulira kaja kachepa. Yatsopano ndikhoza kuitanitsa ku Blantyre, koma nayonso mphepo yake muziimva."

"Ndiye palibe chimene wakonza."

"Ndachotsa chimene chimaitsamwitsa. Mukabwezeramo, izizimanso."

Anadontheza mafuta, nkumasula chitsulocho, kupukuta phala lakale louma ngati dothi, kupakapo latsopano lotuwa, nkumanganso. Abiti Chande ankapereka masikuluwu imodziimodzi, osayang'ana nkhope ya munthu. Pomaliza anatsegula chikhatho kuonetsa kuti mulibe kanthu.

"Amayi," anatero Blasius motsitsa mawu, "mukhoza kukhala kunja, muzionera pawindo. Kapena ndikweze sipika mpaka kumapeto, ochemerera aziphimba."

"Ndinakhala kunja tsiku lija?"

"Iyayi."

"Ndiye yatsa. Sipikayo usiye mmene ilili."

Blasius anatenga padi yosewerera. Matimu analowa m'bwalo, Nasiru wachitatu pamzere, akudumphadumpha. Wezulo inalira.

Poyamba chibokosi chinkangong'ung'udza. Mpira utayamba kuthamanga, chinakoka mpweya. Fuuu. Fuuu. Kakulira kaja kanachepadi, koma kanalipo, pansipansi. Miyendo ya Abiti Chande inafuna kudzuka yokha kupita kudengu. Anaikanikiza pansi. Dzanja lawo linapita palokha nkukakhala kumsana kwa chibokosicho, pamene mphepo yofunda imatulukira, ndipo linakhala pomwepo.

Scholastica ankayang'ana manambala ake. Anakwera, kukwera, nkuima. "Yagwira," anatero.

Nasiru analandira mpira, anaulanditsa. Anauthamangira, anagwetsedwa, nkudzuka. Anaponya kugolo, mpira nkupita kumwamba.

"Miyendo ya bambo ake," anatero Abiti Chande.

"Ndine ndikuphonyetsa, amayi."

"Usamuikire kumbuyo."

Inakwana nthawi yopuma, sinazime. Anabwereranso m'bwalo. Timu inayo inachinya, kenaka inachinyanso. Kunja munthu anaitana: "Odi, a milamba! Kuli anthu kuno?" Anaitananso kachiwiri. Abiti Chande sanatembenuke. Chibokosi chinali chikupuma mwamphamvu m'chikhatho mwawo, Nasiru akuthamangabe m'mphepete mwa mzere, mbali ya m'kati.

Wezulo yomaliza inalira. Anagonja. Nasiru anayenda pang'onopang'ono kutuluka m'bwalo, manja m'chiuno, pamodzi ndi anzake onse.

"Wamaliza," anatero Blasius, akupukuta kumaso ndi kolala ya jekete.

"Ndaona."

M'maso mwawo munali mouma. Dzanja silinachoke. Pansi pake mphepo inayamba kuchepa, fuuu uja akutsika, akutsikabe, monga anatsikira tsiku lija. Abiti Chande anagwira mpweya wawo, kudikira pamene pathere.

Sipanathere. Inatsika nkukhazikika, ikupuma pang'onopang'ono ngati munthu wagona.

Anamvetsera nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, mawondo akulira, nkupita kudengu. Wogula uja anali atapita. Anasankha milamba iwiri yaikulu, anaiyang'ana, nkuwonjezerapo kachitatu kakang'ono kothyoka mchira. Anamasula mfundo ya chitenje nkupereka theka lija.

"Ya ku Blantyre ija ndiitanitse?" anafunsa Scholastica.

"Isiye yomweyi."

Ananyamula dengu nkulisunthira kutali ndi khomo, mbali yothyoka kuloza kumsewu. Mpando wawo anausiya m'kati.