Maboti a Patsinde pa Mpanda

Ragnhild anapeza munthu wachilendo atagwada kuseri kwa mwala wa pamanda a mwamuna wake, dzanja atapisa mumpata wa mpanda wamiyala, nsapato imodzi itaponda maluwa. Mkazi wa mlendoyo anali ataima pambali, foni ili m'manja.

"Mwataya chiyani kwa akufa, bambo?" anafunsa Ragnhild.

Munthuyo anadzuka mwamanyazi. Anali Mjeremani, ndipo Chinorowe chake chinali chotsimphina. Anafotokoza kuti amachita masewera ofunafuna timabokosi: wina amabisa kabokosi penapake n'kulemba malowo pa intaneti, ena n'kumatsatira foni mpaka atakapeza. Ka m'manda muno kanabisidwa ndi munthu wa pachilumba pomwepo, wodzitcha Ndevu za Mchere. Anapepesa za maluwawo, koma maso ake ankabwererabe kumpanda kuja ngati wasiyako m'bale.

Ragnhild sanafunikire kufunsa zambiri. Pachilumbapo panali ndevu zamtundu umenewo pachibwano chimodzi chokha. Anatsetsereka mpaka kudoko, kumene Torleif, mng'ono wa malemu mwamuna wake, ankasoka ukonde m'shedi.

"Alamu, ukalamba wakuyambirani kumutu?"

"Khalani pansi, alamu. Khofi ngwotentha."

"Khofiyo mumwe ndi Ajeremani anu. Manda a mkulu wanu mwawasandutsa bwalo la masewera?"

Torleif anamaliza kaye mfundo imene ankamanga. "Oddvar mulibe m'mandamo. Inunso mukudziwa. Ali uko." Analoza kunyanja ndi mlomo.

Mawuwo anamulasa Ragnhild. Oddvar anapita kokaponya makoka nyengo ina yachisanu, namondwe n'kumupeza, ndipo boti ngakhale thabwa lake silinabwerere. Anaimika mwala padothi lopanda munthu. Komabe pamenepo m'pamene iye ankalankhula ndi mwamuna wake, ndipo sanafune kuti alendo azidutsapo ndi zikwama kumsana.

"Ine ndine wapampando wa komiti ya mpingo," anatero. "Lamulo mukulidziwa. M'manda simuikidwa kanthu komiti isanavomere. Mukanapempha."

"Mukanakana."

"Tikanakana, inde."

"Ndiye mwaona kuti ndakupulumutsani kumsonkhano wautali." Torleif anamwetulira, koma ataona nkhope ya mlamu wakeyo analeka. "Ndalakwa, sindikukana. Kachotseni. Koma musatume munthu. Mupite nokha m'mawa, dzuwa likungotuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Komiti inagwirizana mosavuta. Banja lina linali litadandaula kale kuti tsiku loika mayi awo, anthu ovala majekete owala ankazungulirazungulira kumpanda akudikira kuti maliro athe. Abusa anati akufa ali ndi ufulu wogona mwabata, ndipo olira ali ndi ufulu wolira popanda owaonerera. Kabokosiko kachoke.

M'mawa mwake Ragnhild anapita yekha. Udzu unali wonyowa. Anagwira mwala wa Oddvar n'kutsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka anagwada. Anapisa dzanja mumpata muja ndipo anatulutsa kabokosi kapulasitiki, kosaposa ka sopo. Munali batani, kachidole ka galu, ndi chigoba cha nkhono ya kunyanja ina. Anapukusa mutu. Zonsezi chifukwa cha zinyalala izi?

Akuti adzuke, dzuwa linatulukira paphiri la kutsidya, ndipo kuwala kunadutsa chopingasa pamiyala ya patsinde pa mpanda. Pamwala umene unali pafupi ndi nkhope yake panaoneka boti.

Linali lozokotedwa, laling'ono ngati chikhatho. Pambali pake panali lina, pansi pake linanso. Anatembenuza mutu, ndipo mzere wonse wa miyala yapansi unali wodzaza ndi maboti mpaka kungodya. Ena anali a matanga, ena opalasa, ena ofufutika moti kunangotsala msana. Pamwamba pa boti lililonse panali timizere toimirira, pena tiwiri, pena tambiri, ndipo anazindikira yekha kuti timizereto ndi anthu. Pamene kuwala kunkayenda, zithunzithunzi zinkagwa m'mizeremo, ndipo maboti onsewo ankaoneka ngati akusuntha, onse akuloza kumtunda.

Ragnhild anabadwira pachilumbapo. Anabatizidwa m'tchalitchi cha pamandapo, anakwatiwiramo, anadutsa pampandawo kosawerengeka. Koma nthawi zonse ankadutsa ataimirira.

Sanadziwe kuti anakhala nthawi yaitali bwanji. Anamva kutsokomola kumbuyo kwake, koma sanacheuke.

"Anazokota ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akazi, ndikuganiza," anatero Torleif. "Amene amuna awo sanabwerere. Analibe mtembo woika, ndiye ankabwera ndi msomali. Ndinawaona magalasi atandigwera apa ndikupalira."

"Osanena?"

"Ndinanena, titatuluka m'mapemphero. Munati Torleif walawira kubotolo. Palibe anawerama." Anakhala pansi paudzu wonyowawo. "Anthu a kwathu kuno amagwadira Mulungu yekha, nakonso modandaula mawondo. Koma mlendo ukamubisira kabokosi, amakwawa ngati mwana. Ndinangofuna kuti wina aziwaona."

Ragnhild anayendetsa chala paboti lina lokhala ndi timizere tisanu, kamodzi kakafupi kuposa tinzake. Anaganiza za mayi amene anagwada pomwepa, m'mphepo, akukanda mwala wolimba chonchi, mpaka kufika pa kamzere kakafupiko.

Dzuwa linakwera, ndipo maboti anayamba kuzimirira mmodzimmodzi mpaka mpanda unabwerera kukhala miyala wamba.

"Ndigwireni ndidzuke," anatero Ragnhild. Ataimirira anamupatsa kabokosi kaja. "Aka katuluke. Mukabise kunja kwa chipata, pansi pa benchi. Amene akufuna kuona maboti azilowa chimanjamanja ngati wina aliyense wobwera kumanda, ndipo pakakhala maliro azidikira kumsewu. Maluwa ndisuntha ndekha kuti pakhale pogwada."

"Nanga komiti?"

"Lamlungu likubwerali ndiigwaditsa pano yonse, ndi abusa omwe."

Anayenda limodzi kulowera kuchipata. Ali pafupi kutuluka, Ragnhild anaima.

"Alamu, boti la Oddvar lija, kumbuyo kwake kunali kozungulira kapena kosongoka? Ndayesa kukumbukira, sizikubwera."

"Kosongoka."

"Mudzandionetse pamchenga mmene linalili. Muli ndi msomali wolimba kushediko?"

Torleif anagwedeza mutu, ndipo anamutsegulira chipata.