Dzina la Apongozi

Chikwatiwire, Nurzada anali asanatchulepo dzina la apongozi ake aamuna. Mtengwa woleredwa bwino satero. Tsoka lake, mkuluyo anali a Selbek, ndipo sel ndi chigumula cha matope chimene chimatsika m'mapiri mvula ikagwa kumtunda. Motero mawu amenewonso anali oletsedwa pakamwa pake. Iye ankangoti "mlendo wakuda", azilamu ake n'kumafa nalo phwete.

Loweruka lina banja lonse linakamanga matenti m'chigwa, m'mphepete mwa kamtsinje. Kumeneko foni sigwira, ndiye mwamuna wake Tilek anali atagula timawailesi tiwiri tolankhulirana pamsika wa ku Osh. Zachilolezo panalibe, kungodina batani n'kuyankhula. Koma wina akadina, mnzakeyo amangomvera mpaka wodinayo atachotsa chala. Kamodzi anakalanda a Selbek, munthu wosafuna kuti chatsopano chimudutse. Kachiwiriko anapatsa Nurzada, pomutuma kuphiri kukagula mkaka wa akavalo kwa abusa. Mwana wake Begimai anatsala m'madzi olekeza m'akakolo, akusambitsa chidole.

Atafika pamwamba pa chitunda, Nurzada anamva nthaka ikunjenjemera. Kuchigwa dzuwa linali likuswa mtengo, koma kumtunda kunali bii. Mu mpata wa mapiri munkatsika matope, atanyamula miyala ndi mitengo yathunthu. Mantha anamugwira, chigubu cha mkaka n'kugwa.

"Ababa, mukundimva? Chokani kumtsinjeko! Mlendo wakuda akubwera!"

M'kawailesimo munatuluka chiseko cha anthu okhuta. "Mlendoyo umuuze adikire, nyama sinapse!" Anali Tilek, akukuwira pa phewa la bambo ake.

"Bambo a Begimai, si zocheza! Nyamulani mwana!"

"Mayi, kuno kulibe ndi kamtambo komwe. Abusawo akumwetsa mkaka wowawasa kwambiri eti?"

Lilime linamulemera Nurzada, koma chidole chija ankachiona m'maso. Anadina batani, nakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Sel! Sel! Sel!"

Kenako a Selbek anadina, ndipo sanachotsenso chala.

"Iwe mtengwa, wati chiyani? Pamaso pa ana anga? Ndine mnzako wosewera naye ine? Mayi ako anakuphunzitsa zimenezi? Malemu apongozi ako aakazi anakalamba mpaka kulowa m'manda osalitchula dzina limeneli, ndiye iwe wadzana lomweli..."

Nurzada ankathamanga chotsetsereka, akudina, akukuwa, akugwa n'kudzuka. Mawu ake sankapita kulikonse. Mkuluyo akayamba kulangiza sankapumira, ndipo m'banjamo munalibe wolimba mtima womudula. Anafika pa za ng'ombe zamalowolo, anafika pa ulemu wa akazi akale. Kuseri kwa mawu awowo Nurzada ankamva mpeni ukugogoda pathabwa, ndi kamawu ka Begimai kakufunsa agogo ngati chidole chimamva kuzizira.

"...ukafika kuno udzagwade, upepese pamaso pa onse. Wamva? Tilek, n'chiyani chikulira uko, ndi galimo..."

Kawailesi kanangoti phwaa, basi.

Nurzada anaima pomwe chigwa chimaonekera. Panalibe tenti, panalibe kamtsinje, matope okhaokha akuyenda. Anagwada pamiyala n'kudina batani.

"A Selbek," anatero. "A Selbek, ndakutchulani. Ndikalipireni. A Selbek!"

Anachotsa chala, n'kudikira.