Chimbale Chimene Dzuwa Linapinda

Moni nonse owerenga, mtendere ukhale m'nyumba zanu. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anatipatsa makutu, natipatsanso abwenzi oti tizimvera nawo zinthu zokoma ndi kukangana nawo pambuyo pake.

Mumzinda wa Rosario, Loweruka lililonse masana, madoda atatu ankakumana m'galaja ya Rubén, makaniko wadazi wa kufupi ndi njanji. Rubén ankakankhira matayala kukhoma n'kuyala mipando itatu moyang'ana galamafoni yake yakale. Lamulo lawo linali limodzi chiyambire ali anyamata a tsitsi lofika m'mapewa: mwini sabata abwere ndi chimbale, kaya cha nyimbo za roko wakale kaya cha nyimbo za bulusi, ndipo singano ikangotera, aliyense atseke pakamwa mpaka mbali yonse ithe. Chikho cha tiyi wowawa chinkazungulira, koma mawu ayi.

Aníbal, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, ankakonda magitala olira ngati mabingu. Osvaldo anali wa bulusi, ndipo chimbale chilichonse chikatha ankapukusa mutu n'kunena zomwezomwezo: "Chabwino ndithu, koma kwa Cleophus Dray sichikufikako."

Dray ameneyu palibe wina anamumvapo. Osvaldo ankati ali mnyamata wonyamula matumba a tirigu padoko, mmalinyero wina wa ku New Orleans anamulowetsa m'chombo n'kumuikira chimbalecho kamodzi kokha. M'masitolo munalibe. Ana a Rubén anasakasaka m'mafoni mwawo, osapeza kanthu.

"Unamulota ameneyo, mdala," Rubén ankatero. "Mmalinyero uja anakumwetsa chiyani?"

M'nyengo yozizira Osvaldo anagwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, lilime linalemera. Patapita miyezi, mwana wake Silvina anagamula zomutengera kwake ku Neuquén, kutali kummwera, ndipo panangotsala Loweruka limodzi loti atatuwo akhalenso pamodzi.

Lamulungu m'mawa Aníbal ankapita ku Misa, koma anapatukira kaye pamsika wa zakale wa m'mbali mwa mtsinje. M'katoni ina yonunkha nkhungu, pansi pa zimbale za nyimbo za tango, anaona chikuto cha chimbale chokhala ndi chithunzi cha bambo wa chipewa atakhala pakhonde, gitala ili pamiyendo. Pamwamba pake panali dzina la malembo ofiira: Cleophus Dray. Aníbal anavala magalasi, nawerenga, nawavula, nawavalanso. Anasolola chimbalecho n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Chinali choyera, chopanda ndi chikwalu chimodzi chomwe.

Pofuna kuti chisapanikizike ndi kanthu, anachigoneka kumbuyo kwa mipando ya galimoto, pansi pa galasi lakumbuyo. Analowa m'tchalitchi mtima utadzaza chimwemwe, ndipo tsiku limenelo anaimba mokweza kuposa kwaya. Misa itatha, mlamu wake anamukokera kunyumba kwake kukadya nyama yootcha. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa lili pamutu, galimoto ili pamtetete.

Pobwerera, chitseko cha galimoto chinamuotcha dzanja. Chimbale chija chinali chitapindika ngati tsamba louma.

"Zaka zonsezi mukundikalipira ine kuti ndisaike zimbale zanu pafupi ndi zenera," anatero mkazi wake Mirta atachiona patebulo. "Lero mwachiotcha nokha, bambo?"

"Mayi, chonde. Lero lokha."

"Ine sindikunena kanthu. Ndikungofunsa."

Aníbal anathamangira kwa Rubén. Anamupeza ali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka.

"Wadazi, tuluka. Dray uja alipo."

Rubén anatuluka, napukuta manja, nagwira chikutocho m'mbalimbali ngati chinthu cha paguwa. "Mayo ine! Ndiye mdala uja sankanama?" Atasolola chimbalecho, nkhope inasintha. "Ichi ndi chimbale kapena chipewa? Wachichita chiyani, iwe dalaivala?"

"Usandifunse. Ndiuze chochita."

"Magalasi awiri. Uchiike pakati, uchiyanike padenga chifewe pang'ono, kenako uchisanjikize ndi zolemera chizizire chokha. Koma usachoke pamenepo. Ukangochedwa, mizere ya nyimbo isungunuka, udzatibweretsera mbale yodyera."

Aníbal anachotsa galasi la patebulo la pabalaza ndi la kabati ya Mirta, nakwera nazo padenga pamene amayanikapo zovala. Ndipo taonani, dzuwa limene linawamba mzinda mwezi wonse linabisala. Lolemba kunachita mitambo. Lachiwiri kunagwa mvula ya mphepo. Lachitatu kunangoti bii, osagwa mvula, osawala. Aníbal ankakwera ndi kutsika makwerero, akuyang'ana kumwamba.

"Ambuye, sindikutsutsana nanu," anang'ung'udza. "Dzuwa ndi lanu, mvula ndi yanu. Koma pamene sindinalifune munalipereka lonse, lero ndikupempha kachidutswa chabe."

"Mukuyankhula ndi ndani kumeneko?" Mirta anafuula ali pansi. "Ngati ndi Mulungu, mumuuzenso za galasi la kabati yanga!"

Lachinayi kunacha bwino. Aníbal anakhala pachidebe, chopukutira chili kumutu, akukhudza galasilo ndi chala mobwerezabwereza. Thukuta linkalowa m'maso. Chimbale chinayamba kugona pang'onopang'ono, ndipo mantha a mawu a Rubén atamugwira, anachinyamula msanga n'kukachisanjikiza ndi mabuku onse a m'nyumba. Anachisiya choncho mpaka Loweruka m'mawa. Atachotsa mabukuwo, pakati ponse panali pataongoka, koma m'mphepete munatsala kalinunda kamodzi, kakang'ono, kouma mutu.

Masana Silvina anabweretsa bambo ake panjinga ya odwala. Anawakonzera kolala ya malaya n'kunena kuti abwera kudzawatenga dzuwa lisanalowe, chifukwa katundu anali asanathe kumanga.

"Musawapatse vinyo, amalume Rubén. Ndikukudziwani."

"Ine? Muno timamwa tiyi yekha, mwanawe. Funsa aliyense."

Atachoka, Aníbal anaika chikuto chija pamiyendo ya Osvaldo. Osvaldo anachiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake lamanzere linayenda pachipewa cha bambo wa pachithunzi, kenako anakweza maso kwa Rubén.

"Nda... lota?" anafunsa, mawu akukoka.

"Chabwino, chabwino, ndagonja," anatero Rubén. "Alipo. Koma mwina amaimba ngati mbuzi, tisanathamange."

Aníbal anapukuta chimbalecho ndi kansalu, nachiika, natsitsa singano. Kunamveka kuthetheka kwa fumbi, gitala inalira kamodzi, ndipo kalinunda kaja katafika, singano inadumpha n'kukatera pakati pa nyimbo yachiwiri. Anayesanso. Inadumpha n'kubwerera m'mbuyo, bambo uja n'kumangobwereza liwu limodzi ngati mwana wachibwibwi. Anatembenuza mbali inayo. Kumeneko singano inatsetsereka mpaka papepala la pakati, zokuzira mawu n'kukuwa.

"Lamulo lathu likuti tikhale chete," anatero Rubén, "koma ine ndikufuna kutukwana."

"Tukwanira mumtima. Bweretsa kandalama kachitsulo."

Anamata kandalamako pamutu pa mkono wa galamafoni, monga ankachitira ali anyamata. Singano inakwera linundalo, inazengereza pamwamba pake, n'kudumphabe. Anaika tiwiri. Chimodzimodzi. Aníbal anayang'ana kukhomo: mthunzi wa lole unali utatalika kale.

Rubén anapita patebulo lake la zitsulo, nafukula m'chitini, nabwera ndi nati yonenepa ya gudumu.

"Iyi siidumpha."

"Wapenga? Imeneyo ilima chimbale ngati khasu! Chafewa kale ndi dzuwa. Tikachiimba ndi imeneyo, chatha."

"Nanga ukuchisungira ndani?"

"Mwina m'dziko lonse lino chilipo chimodzi chokhachi, iwe! Ku Buenos Aires kuli munthu ali ndi makina oongolera zimbale. Ndikhoza kuchitumiza, chibwere chili bwino, tidzachijambule..."

"Liti? Mawa m'mawa mdalayu ali pamsewu. Udzamuimbira pafoni?"

Moyo wake wonse Aníbal sanalolepo munthu kugwira chimbale chake ndi zala zamafuta, ndipo zimbale zake ankazitsuka ndi madzi osefa ngati mwana wakhanda. Anayang'ana Osvaldo. Osvaldo sankayang'ana aliyense. Maso ake anali pachimbale chimene chinkazungulirabe chopanda mawu, linunda lija likukwera ndi kutsika.

"Ambuye mundikhululukire," anatero Aníbal. "Bweretsa tepi yomatira."

Anamata natiyo yekha. Mkono wa galamafoni unalemera m'zala zake, ndipo atautsitsa, singano inamira mumzere. Linunda linafika, zokuzira mawu zinabuula pansipansi, koma singano sinachoke.

Cleophus Dray anayamba kuimba. Anali ndi mawu okhuthala, a munthu amene wayenda mtunda wautali ndipo sakufulumiranso. Akaimba mzere umodzi, gitala inkamuyankha monga mpingo uyankhira wotsogolera pemphero. Kumbuyo wina ankangoponda phazi pathabwa. Rubén anadzaza chikho, nachigwirizira pakamwa pa Osvaldo, nachidzazanso n'kupatsira Aníbal.

Aníbal anachigwira chikhocho mpaka chinazizira. Ankayesetsa kumvera, koma maso ankamukokera kusingano, kumene kafumbi kakuda kankaunjikana ngati mwaye. Paliponse pamene singano yadutsa, mzere unkasanduka wotuwa. Nyimbo zinayi zinadutsa iye akuwerama, akuuzira kafumbiko, mtima ukumuwawa. Chimbale chimene anachivutikira sabata yonse sanachimve n'komwe bwinobwino.

Pa nyimbo yomaliza anatembenuka. Osvaldo anali atatsinzina, mutu uli chagada, dzanja lamanzere likumenya pang'onopang'ono pachitsulo cha njinga. Milomo yake yopotoka inkayenda patsogolo pa woimbayo. Mawu ankawadziwa.

Mbali ija inatha.

"Nanga bwanji, mdala?" anafunsa Rubén. "Ndi yemweyo?"

Osvaldo anatsegula maso. Analimbana ndi lilime lake kwa kanthawi.

"M'chombo... chinkamveka... bwino."

"Wamva?" Aníbal anaimirira, manja ali m'mwamba. "Wamva, Wadazi? Ndapsa padenga ngati nyama, mkazi wanga sakundiyankhula chifukwa cha kabati, ndapha chimbale ndi manja angawa, iye akuti m'chombo chinkamveka bwino!"

Rubén anaseka mpaka kutsamira lole. Osvaldo naye phewa lake lamoyo linkagwedezeka. Kenako analoza galamafoni ndi chibwano.

"Bwereza."

"Tiike mbali inayo. Ino yalimidwa kale, ingomveka phokoso."

"Ino. Bwereza."

Aníbal anapumira m'mwamba, nachotsa fumbi kusingano ndi chala, naibweza poyambira. Mawu a Dray anatuluka ali kutali, ngati munthu woimba kuseri kwa mvula yogwa pamalata. Gitala inkamveka mwa apo ndi apo. Tsopano panalibenso choti n'kuteteza, choncho Aníbal anakokera mpando wake pafupi ndi njinga ya mnzake, nakhala pansi, namvera.

Silvina anafika nyimbo yachitatu ili mkati. Anatsegula pakamwa kuti anene za nthawi, koma Rubén anaika chala pamlomo n'kumulozera tayala loti akhalepo. Anakhala, makiyi a galimoto ali m'manja, mpaka mbali yonse inatha.

Mulungu wa chifundo akudalitseni inu amene mwawerenga. Akusungireni abwenzi anu, ndipo pa tsiku lolekana nawo akupatseni mtima wosaumira. Akhale nanu potuluka ndi polowa, inu ndi a m'nyumba mwanu. Amen.