Waya wa Alamu Anga

Mwamuna wanga Asnake atamwalira, mkulu wake Gashaw sanadikire n'komwe kuti ndivule zakuda. Anaika loko wake pakhomo la ng'anjo yathu yamagetsi, nkundiuza kuti mkazi aziwotchera mbiya pa ndowe zouma ngati akazi ena onse a kuno ku Kechene, dera la oumba mbiya. Ng'anjo imeneyo tinaimanga awiri, Asnake akuyala njerwa, ine ndikumupatsira. Ndinamuda Gashaw mpaka injera, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, kundikanika kumeza.

Ife tinkadziwika ndi zofukizira lubani zopachika. Tinkalowetsa ngowe za waya m'dongo likadali lofewa, nkuwotchera limodzi. Hotela ina itaitanitsa zambiri, Gashaw anabwera kwanga, m'bwalo muli amayi anzanga tikumwa khofi.

"Mlamu Wubitu, malemu ankaika waya wanji?"

Gashaw ndimamudziwa. Chiyambire sanamverepo mawu a mkazi, ndiye a mkazi amene anamulanda chuma angamve? Choncho ndinamuuza zoona zokhazokha, mokweza, kuti onse amve.

"Alamu, gulani waya wolimba uja amaika m'ziwaya zamagetsi zophikira injera, moto saumva. Wonyezimira wa aluminiyamu musayerekeze. Usungunuka, ukupherani ng'anjo."

Anandiyang'ana motsinzinira diso, kenako nkuseka.

"Iii, chikondi chayamba liti? Ukufuna ndiike waya wakuda ahotela andibwezere katundu eti? Ndakuona, mkazi iwe."

"Ndanena ine, alamu. Khofi uyu, imwani."

Anakana khofiyo. Ine mumtima chimwemwe chokhachokha.

Loweruka masana anadzaza ng'anjo mpaka kukamwa, chofukizira chilichonse chili ndi ngowe yake yophathima ya aluminiyamu. Ndinaitana ana onse a m'bwalo kuti adzadye buledi wa dabo kwanga, kutali ndi ng'anjo ija. Dzuwa lisanapendeke tinamva kuti phuu, kenako fungo loipa, magetsi nkuthima mzere wonse. Aluminiyamu anali atayenderera ngati phala, kudontha pa mawaya otenthetsa, kulowa m'njerwa. Zofukizira zinamatirira pa mashelefu, palibe chinatuluka chamoyo.

Gashaw anathamangira kwanga maso ali psuu.

"Wandilodza, mfiti iwe!"

Anandiyankhira amayi Yeshimebet, amene anali pa khofi tsiku lija.

"Bambo Gashaw, manyazi mulibe? Mwanayu anakuuzani ife tikumva. Makutuwo ndi opachikira chipewa?"

Wokonza zamagetsi atabwera anangopukusa mutu, akuti kuli bwino kumanga ina. Apo m'pamene Gashaw anandiponyera kiyi pa fumbi. Ndinatsegula, ndinagwira njerwa zimene Asnake anayala, zitakutidwa ndi chitsulo chouma, ndipo ndinalira kwambiri. Ng'anjo imeneyo sidzandiwotcheranso kanthu, ndipo zimandiwawa tsiku lililonse.

Koma Gashaw tsopano amasenza mbiya za eni kupita nazo ku msika wa Merkato. Akamadutsa pakhomo panga atawerama ndi katundu, ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita, nkutuluka.

"Alamu! Malonda akuyenda bwanji?"