Mfundo ya Amake Zione

Lachitatu limenelo chitseko cha bafa chinatsegukiranso m'gulu la pafoni. Aka kanali kachinayi. Lizineti anali atangomaliza kuyanika matewera, dzuwa lili paliwombo, Zione ali kumsana. Anakankha chitseko chamalata chija kuti akatenge beseni, koma m'malo mwa beseni anapeza mabenchi, anthu atakhala mondondozana ngati kusikelo.

Sanadabwe. Onse ankawadziwa, ngakhale anali asanaonanepo nawo maso ndi maso. Linali gulu la okonda nthano yazithunzi yotchedwa Kuseri kwa Mvula, imene tsamba lake latsopano linkatuluka pafoni Lachitatu lililonse. Aliyense anavala chithunzi chake cha pafoni m'malo mwa nkhope. A Yotamu, oyang'anira gulu, anavala nkhope ya tsiku limene anamaliza maphunziro, chipewa chili pamutu, mano onse panja. Feliya nkhope yake inali duwa lofiira. Kumapeto kwa benchi kunakhala munthu wankhope yotuwa, yopanda maso, yopanda kamwa. Imeneyo inali nambala ija yosalembapo kanthu chilowereni m'gulu, koma yoyamba kuwerenga uthenga uliwonse.

"Mwaswera bwanji, amake Zione?" anatero a Yotamu. Mawu awo anatuluka ali m'kathumba koyera n'kulendewera pamwamba pa chipewa.

"Ndaswera, kaya inu?"

Timizere tiwiri tabuluu tinatera pa mawu akewo ngati ntchentche. Lizineti anacheukira kwa wotuwa uja. Ndiye anali atawerenga.

Panali chifukwa chomuyang'anira m'mbali chonchi. Ulendo woyamba kulota malo ano, Lizineti anaona anthu akukulunga msewu ngati mphasa. Atadzuka anauza gulu lonse mongoseka. Lachitatu lotsatira, m'nthanomo anthu ankakulunga misewu. Ulendo wachiwiri anaona chitsime chotunga ndi makwerero, ndipo anauza Feliya yekha, kumbali. Chitsime chinatuluka pa tsamba, makwerero ake omwewo. Ulendo wachitatu sanauze munthu, ngakhale bambo a Zione. Zinatulukabe. Ndiye kuti wina ankamudya m'mutu ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga. Wojambula nthanoyo palibe ankamudziwa dzina. Pansi pa tsamba ankangolemba kuti Kapensulo.

"Ine funso langa ndi lomwe lija," anatero Feliya, masamba a duwa akugwedezeka. "Ngati kumeneko mvula imatuluka pansi kupita kumwamba, ambulera amaigwira bwanji?"

"Amaipondera," anayankha a Yotamu. "Koma mwaphonya mfundo, Feliya. Mvula imeneyo ikuimira misozi ya makolo."

"Nanga matewera amayanika pati?" anafunsa Lizineti.

"M'nthano zamtundu uwu anthu sachapa, amake Zione."

"Ndiye kuti akununkha."

Feliya anaseka mpaka tsamba limodzi la duwa linathothoka. A Yotamu sakanatha kukwiya chifukwa nkhope yawo inali yomwetulira kale. Wotuwa uja dzanja limodzi anali atalibisa m'thumba la malaya.

Kenaka tsamba latsopano linafika. Linatsika kuchokera kudenga litayanikidwa pa chingwe ndi zopanira, lalikulu ngati chinsalu chofunda. Linali ndi mabokosi anayi. M'bokosi loyamba munali mayi wobereka mwana, ataonekera kumbuyo. Chitenje chake chinali cha makiyi achikasu, chobooka pang'ono m'mphepete pamene panagwera khala la pambaula. M'bokosi lachiwiri mayiyo ankayenda, msewu ukukulungidwa kumbuyo kwake. M'lachitatu anali atatembenuka, waima pamapeto pa msewu. Bokosi lachinayi linali mbee, lopanda kanthu.

Lizineti sanayang'ane nkhope ya mayiyo. Anayang'ana pachifuwa. Mfundo ya chitenje inali yamakutu awiri, ngati ya chingwe cha nsapato. Nsonga zapansi, zoyenera kugwira matako a mwana, zinangolendewera ngati katani.

"Amene wajambula izi akufuna kupha mwana," anatero.

Anatsitsa maso kuyang'ana pachifuwa pake. Panali mfundo yomweyo, makutu ake awiri. Chitenje chinali cha makiyi. Manja ake anali ndi mzere wakuda m'mphepete monse. Mabenchi anali atatsalira kunja, ndipo iye anali m'bokosi lachitatu, anthu a m'gulu akumuonerera ngati amene akuonera kanema. Zione anali wolemera monga mwa masiku onse, wofunda, mpweya wake ukumugunda pakhosi. Mwana yekhayo ndiye sanali wojambula.

Kutsogolo kwake msewu unathera pa mpata woyera umene umalekanitsa bokosi ndi linzake. Pafoni mpatawo umaoneka ngati kamzere. Apa unali phompho lotalika sitepe imodzi yaikulu, lopanda pansi. Kumbuyo kwake amuna awiri opanda nkhope ankabwera akukulunga msewu, osafulumira, osaimanso.

"Zonse zikudalira mtundu wa nthano," anatero a Yotamu, akuimirira ngati ali m'kalasi. "Ngati ili yomvetsa chisoni, mayi alumpha, mwana agwa. Ngati ili yoseketsa, mwana agwabe koma agwera pa thonje. Ngati ili yoopsa, mayi afika tsidya bwinobwino n'kupeza kuti wabereka dzungu."

"Ayi, ndi yachikondi iyi," anatero Feliya. "Abwera mnyamata wakabaza, amuwakha mwanayo m'malere, kenaka ukwati."

"Ine ndili pabanja, Feliya," anatero Lizineti.

"M'nthano simuli pabanja, asisi. Onani chala, sanakujambuleni mphete."

"Tivote," anatero a Yotamu. "Amene akuti ndi yachisoni akweze mkono."

Mikono inakwera yambiri. Anthu amakonda kulira za eni. Wotuwa uja sanakweze. Anatulutsa dzanja m'thumba muja, ndipo linali ndi pensulo yaifupi, yotafunidwa kumapeto.

Pamenepo Zione anadzuka. Kadzanja kake kanadutsa m'khwapa mwa mayi ake, kakufufuza monga amachitira akafuna bere, n'kupeza mchira wa mfundo ija. Anaugwira. Khutu limodzi linayamba kuchepa.

Chitenje chinayankhula ndi mawu aulemu, ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro.

"Amake Zione, mundikhululukire. Ine sindinamangidwe, ndangojambulidwa. Amene anandijambula sanaberekepo mwana kumsana."

Lizineti anawerengera mofulumira. Feliya ali ndi ana atatu, ndiye si iye. Pokhapokha ngati wachita dala. A Yotamu mwina sanagwirepo ngakhale thewera, koma munthu wolongolola chotero sangasunge chinsinsi chaka chathunthu. Pa amene ankawakayikira anatsala mmodzi, ndipo ameneyo anali atayamba kusongola pensulo yake ndi lezala.

Anayesa kumasula mfundo kuti amangenso. Zala zinangotsetsereka. Panalibe nsalu yoti atsine, inali mizere chabe. Koma Zione akakoka, inkamvera.

"Lizi."

Anali achemwali ake, a Dorofe, amene anamwalira chaka chimene Lizineti anasiya sukulu ali Fomu 2. Anakhala pakati pa mpata woyera uja, pa malo opanda kanthu, miyendo atatambasula, akusenda mtedza m'lichero. Makoko ankagwa osafika.

"Achemwali, mwabwera?"

"Ndakhala pano kuyambira kale. Usatsutsane nawo anthuwo, sudzamaliza. Werama."

Lizineti anawerama mpaka msana unakhala ngati tebulo. Dzanja lamanja analipititsa kumbuyo n'kugwira matako a Zione.

"Siikumasuka, achemwali."

"Chojambulidwa samasula. Kusukulu labala unali naye iwe?"

"Ayi."

"Ndiye ukalakwitsa unkatani?"

Lizineti anakumbukira. Ananyambita chala chamkombaphala cha dzanja lamanzere n'kuyamba kufikisa pa mfundo paja. Mizere inasungunuka, pachifuwa n'kuda bii ngati m'kope la masamu.

"Osapitirira, ungaboole pepala," anatero a Dorofe.

Koma linali litabooka kale, kabowo kakang'ono ngati ka njenjete. M'kabowomo munali diso, likuphethira. Lizineti anacheukira ku benchi. Wotuwa uja tsopano anali ndi diso limodzi pakati pa nkhope.

Chitenje chinagwa mphwayi n'kulendewera mbali zonse. Tsopano inali nsalu yeniyeni, yonunkhira sopo ndi mkaka. Zione anatsala pa msana ndi pa dzanja limodzi basi. Okulunga msewu aja anali atafika pafupi moti Lizineti ankamva msewu ukulira ngati bango louma.

"Pepani, amake Zione," anatero a Yotamu. "Malamulo a gulu salola kusintha tsamba la eni ake popanda kukambirana. Musanapitirire, tipatseni mfundo yanu. Tiiunike."

"Mfundo yanga?"

"Eya. Aliyense pano wapereka mfundo yake. Yanu ndi yotani?"

"Dikirani muione."

"Uyambe zapansi," anatero a Dorofe, osadzutsa mutu pa lichero.

Lizineti anakoka chitenje n'kuchiyala pa msana wa mwana, nsonga zapamwamba ataziluma ndi mano. Zapansi anazikokera pansi pa matako a Zione, timiyendo titatulukira uku ndi uku, n'kuzibweretsa pamimba. Anazipota, anazipotanso, n'kuzisomeka. Kenaka anatenga zapamwamba, kuzidutsitsa m'khwapa, n'kumanga pachifuwa kawiri, nsonga yamanzere pamwamba, chifukwa iye ndi wamanzere ndipo a Dorofe analephera kumusintha. Anaweramuka. Anadzigwedeza kawiri monga amachitira mayi aliyense. Zione anakhazikika ngati wamera pomwepo.

"Mfundo yanga ndi imeneyi," anatero.

A Yotamu anatsegula kathumba ka mawu koma munalibe kanthu, kanangolendewera kopanda mpweya.

"Koma ndiye yagwira," anatero Feliya chapansipansi. "Ine ndimaiona kuti ndi yolakwika ija, asisi, kungoti ndimafuna ndione wakabaza."

"Tidzakambirana," anatero Lizineti.

Apo wotuwa uja anaimirira. Anayenda mpaka m'mphepete mwa bokosi, pensulo ili m'manja, diso lili pachifuwa pa Lizineti. Pansi pa diso panang'ambika kakamwa kakang'ono, ndipo anayankhula koyamba chilowereni m'gulu.

"Mayi, chonde bwerezani pang'onopang'ono. Sindinaone bwino pamene munapota."

"Kuti mukachite nayo chiyani?"

"Kuti tsamba likhale loona."

"Munatenga msewu wanga, sindinayankhule. Munatenga chitsime. Lero mwafika pa mwana. Ndimasule kuti inu muphunzire? Kafunseni amayi anu, ndi amene anakuberekani."

"Ndingokhudza pang'ono," anatero wotuwayo, akutambasula pensulo kulunjika pa mfundo.

Msewu unamugunda Lizineti ku zidendene. A Dorofe anasuntha lichero kuti apereke njira.

"Usayang'ane pansi, kulibe. Mwendo wamanzere patsogolo."

Lizineti anaphimba mfundo ndi dzanja limodzi, lina n'kugwira Zione kumbuyo, ndipo analumpha. Nsonga ya pensulo inamukanda pa chigongono. M'mpatamo munali mozizira ngati m'mtsuko, ndipo munkamveka fungo la mtedza wosenda kumene.

Anatera pa mphasa, pakhonde pa nyumba yake, tsaya lili pansi. Mthunzi unali utasuntha. Matewera anali atauma pa chingwe. Zione anali gone pambali pake, kadzanja katagwira mphepete mwa chitenje cha makiyi. Lizineti anamugwira pamimba, anamugwira pamutu, anamununkhiza. Anali mwana, sanali dzungu.

Foni inkanjenjemera pafupi ndi mutu wake. Tsamba la Lachitatu linali litatuluka. M'bokosi lachinayi mayi uja anali ataima tsidya, mwana ali kumsana. Mfundo ya pachifuwa inali yomanga kawiri, nsonga yamanzere pamwamba. Koma pamimba, pamene pamakhala popota, wojambula anangodetsapo ndi mthunzi.

"Ine mfundo ya tsamba la lero sindikuimvetsa," anali atalemba a Yotamu. "Ndi yachisoni kapena yoseketsa?"

Lizineti anayang'ana chala chake chamkombaphala. Chinali chakuda. Pa chigongono panali kamzere kotuwa.

Pamwamba pa gulu panaoneka nambala ija yopanda chithunzi. Akulemba. Anasiya. Akulembanso.

Lizineti sanadikire. Anatenga beseni ku bafa, ndipo nthawi ino linalipo. Anaika foni pansi chafufumimba n'kuivundikira nalo, pamwamba n'kusanjikapo mwala wotsekera chitseko. Chitenje cha makiyi anachiponya m'ndowa ya zochapa. Ananyamula Zione ali m'tulo momwemo n'kulowa naye m'nyumba, anatseka chitseko, anatsitsa katani, natulutsa m'sutikesi chitenje china chimene sanajambulitsepo nacho chithunzi.

Kunja beseni linkalira, foni ikunjenjemera pansi pake. Lizineti anafulatira zenera, anawerama, ndipo anayamba zapansi.