Mankhwala a Jameson Anabwera pa Lole

Jameson anabwerera kwawo ku Chipoka m'chaka cha 1994, atatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ali kobisala ku Kenya, komwe ankaphunzitsa sukulu kudera louma la kumpoto. Mlongo wake Eveles, amene ankaphika pa loji ina ku Senga Bay, anamulandira ndi nthungululu. Koma pasanathe miyezi itatu, Jameson anayamba kutentha thupi tsiku ndi tsiku. Thupi linatha, mimba yokha n'kumakula. Anthu anayamba kunong'onezana kuti wabwera ndi kaliwondewonde.

Kuchipatala cha pa boma anamuyeza magazi kawiri, kachilombo osakapeza. Kwinini nayenso sanathandize. Tsiku lina a Vitumbiko, dokotala wochokera ku Rumphi, anamugwira kumanzere kwa mimba.

"Kapamba watupa kwambiri. Bambo, kumene munkakhalako kunali zulu zachiswe?"

"Paliponse," anayankha Jameson. "Tinkacheza pafupi nazo, tintchentche ting'onoting'ono tikutiluma."

Dokotalayo anatenga timadzi ta m'kapamba ndi singano n'kutumiza ku Lilongwe. Zotsatira zitabwera, anaitana Eveles akumwetulira.

"Mayi, achimwene anu akudwala matenda otchedwa kala-aza. Tizilombo take timalowa m'thupi ndi tintchentche tija. Amapha ndithu akalekereredwa, koma amachizika."

"Amachizika?" Eveles anabwereza, manja ali pachifuwa.

"Ndi jakisoni wa Pentositamu, tsiku lililonse kwa masiku makumi atatu. Kungoti kuno matendawa n'ngosowa, ndiye mankhwala ake tilibe."

A Vitumbiko analemba kalata yopempha mankhwalawo ku chipatala china cha mishoni ku Kenya. Eveles sanafune kudikira positi. Anakumbukira a Idi, dalaivala wa lole amene ankapita ku Nairobi, ndipo anayenda nyumba ndi nyumba mpaka anawapeza akutuluka mu mzikiti. A Idi anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la mkanjo.

"Inshallah, chemwali, ndibwera nawo."

Panapita milungu itatu. M'mawa wina Eveles akusenda anyezi, anamva hutala pageti ya loji. Anatuluka mpeni uli m'manja. A Idi anali ataimirira pa sitepe ya lole, atanyamula kabokosi m'mwamba. Eveles sanavule n'komwe epuloni. Anakwera lole lomwelo, kabokosi ali nako pamiyendo ngati khanda, njira yonse akuseka yekha mpaka pa boma.

Majakisoniwo anali owawa. Mfundo zinkaphwanya, ndipo dokotala ankamvetsera mtima wa Jameson m'mawa uliwonse asanamubaye. Tsiku lachisanu ndi chinayi, Eveles anapeza mlongo wake atakhala tsonga pabedi, thupi lili zii.

"Iwe Eveles, m'dengumo muli chiyani? Ndili ndi njala."

Anadya chinangwa chonse ndi utaka wowotcha, n'kufunsa ngati kuli kwina. Eveles anathamanga m'khonde kukauza anamwino, ngakhale alonda a pageti anawauza.

Pofika tsiku la makumi atatu, kapamba anali ataphwa moti a Vitumbiko ankachita kumufunafuna ndi zala. Anaitana madokotala anzawo onse kuti adzagwireko, poti ambiri matendawa ankangowawerenga m'mabuku. Jameson anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, ndipo sukulu zitatsegulira mu Januwale anapatsidwa Sitandade 7 ku Chipoka kuti aziphunzitsa.