Chigoba M'jumbo ya Lines

"Lines, taona fumbi ili," anatero a Fiona m'Chingerezi, akupititsa chala pachipumi cha chigobacho. "Masabata atatu tsopano. Nyumba yonse ikuwala, koma ichi chokha ukuchilumpha. Bwanji?"

Lines anaima pakhomo la chipinda chochezera, kansalu kopukutira kali m'manja, maso ali pansi. Anali atagwira ntchito zaka zinayi m'nyumba imeneyi ku Claremont, mumzinda wa Kepi, osaswapo ngakhale kapu. Koma chibwerereni abwana aamuna ndi chinthucho kuchokera ku sitolo ya zinthu zamakedzana n'kuchikoleka pakhoma, Lines ankadutsa m'chipindamo chammbali ngati nkhanu.

Chinali chigoba cha gule wamkulu: nkhope yofiira psuu, mano awiri otuluka, tsitsi la khonje, nsanza zakuda zikulendewera kumbuyo. Munthu akhoza kuzungulira Mbeya, Beira mpaka Durban n'kuona zosemasema zamitundumitundu zogulitsa kwa azungu, koma mwana wa ku Dedza sasokoneza chidole ndi chilombo. Ichi chinali chitavinapo pabwalo. M'mphepete mwake munali mutada ndi thukuta.

"Madamu, kwathu munthu wamkazi sakhudza chimenechi."

"Akakhudza chimachitika n'chiyani?"

"Amati mimba siikhala."

A Fiona anagwira pakamwa. Ankadziwa kuti Lines ali ndi pathupi pa miyezi inayi. Ankadziwanso kuti mimba ziwiri zoyamba zinapita padera, popeza ulendo wachiwiriwo ndi iwo amene anamuthamangira naye kuchipatala pa galimoto yawo.

"Ndinawauza amuna anga kuti zinthu izi zili ndi eni ake!" anatero. Anakwera pampando, n'kuchotsa chigobacho, n'kuchikulunga m'thawulo, n'kuchiika m'jumbo yaikulu yogulira zinthu. Maso awo anali atalengeza misozi, misozi ya munthu wokondwa kuti akuchita chabwino. "Tenga. N'cha anthu akwanu. Ife tinalakwa kuchisunga. Chibwerere kwawo."

Manja a Lines anachita zomwe anazolowera zaka zonsezo polandira nsapato zakale ndi ndiwo zotsala mufiriji. Anatambasuka onse awiri, mawondo n'kupindika pang'ono, pakamwa n'kunena kuti zikomo madamu. Mphatso ya abwana sakana. Anadzazindikira ali pageti kuti chimene anachizemba masabata atatu wachinyamula yekha.

Anayang'ana bini ya pamsewu. Kutaya chilombo m'zinyalala pamodzi ndi matewera? Anapitirira mpaka pokwerera matakisi.

"Sisi, jumbo pamiyendo, mpando ndi wa anthu!" anakuwa kondakitala. Munali mothithikana, amayi onenepa uku ndi uku. Lines anaikankhira jumboyo kunsonga ya mawondo, mikono itauma gwa, koma dalaivala akangoponda buleki inkabwerera n'kudzagunda pamimba. Anawerenga kasanu ndi kawiri asanafike ku Philippi.

Chomwe chinkamulimbitsa mtima ndi amuna ake. A Bizwick, mlonda wa pa nyumba zosanjikizana ku Sea Point, tsikulo sanali pa ntchito. Anawapeza panja pa kanyumba kawo ka malata, atazunguliridwa ndi anzawo a bawo, mawu ali pamwamba monga mwa masiku onse.

"Ine Limpopo ndinawoloka ng'ona zikundipatsa moni! Ku Tete apolisi anandigulira okha fanta. Inu mwayenda kuti, anyamata a m'basi inu?"

Nkhani yomwe ankaikonda kuposa zonse inali ya gule. Ankati analowa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo akavina fumbi linkaoneka kuchokera ku Linthipe. Ananena zimenezi ngakhale pamaso pa amalume ake a Lines tsiku la chinkhoswe.

"Bambo, tabwerani m'nyumba," anatero Lines.

"Mwaona? Bwana akuitana. Musandibere nkhomo pabawopo."

Lines anatseka chitseko, n'kuika jumbo pakati pa chipinda, n'kufotokoza zonse. "Inu ndinu wolowa. Chichotseni muno, mukachite zomwe mumachita."

A Bizwick anatsegula thawulo ndi nsonga ya supuni. Nkhope yofiira itasuzumira, analumphira kumbuyo mpaka kugunda chidebe cha madzi.

"Mayo! Iwe, wabwera nacho bwanji muno chimenechi?"

"Mukuthawanso inu? Si zinzanu izi?"

Anakhala pabedi, akupukuta manja pa thalauza. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayenera kuyankhula.

"Lines, bambo anga anali mkulu wa mpingo ku Nkhoma. Ng'oma ikangolira ankatitsekera m'nyumba. Ine dambwe sindikulidziwa ngakhale njira yake."

"Nanga fumbi la ku Linthipe?"

"Amalume ako aja ankandiyang'ana ngati mwana. Ndikanati chiyani?"

Lines sanakalipe. Anangokhala pansi, msana utatsamira malata, manja ali pamimba.

"Tichiwotche," anatero a Bizwick. "Parafini alipo. Kapena tiitane abusa adzapemphere."

"Abusa anapempherera mimba ziwiri zija."

Kutacha, Loweruka, anapita ku minda ya ndiwo zamasamba kuseri kwa Philippi, a Bizwick atakoleka jumbo kunsonga ya mpini wa tsache. Kumeneko kunkagwira ntchito a Lucius, bambo wachikulire wa ku Mchinji, amene aliyense ankadziwa kuti ndi wolowa weniweni chifukwa sankazinena. Anawapeza akuzula sipinachi, mphepo ya ku Kepi ikuwaza mchenga m'maso.

A Lucius anauza Lines kuti atembenuke. Anasuzumira m'jumbomo nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa.

"Nkhalamba iyi yafika bwanji kuno?" anatero motsitsa mawu. "Amene anaigulitsa, kaya ali moyo."

"Madala, tithandizeni," anatero a Bizwick. "Sungani ndinu."

"Ndisunge kuti? Ndimagona ndi Azimbabwe atatu m'chipinda chimodzi. Ichi malo ake ndi kudambwe. Kuno dambwe lili kuti? Manda a kuno ali ndi mpanda, geti ndi mlonda wa yunifolomu ngati iwe."

"Ndiye tiwotche basi."

"Wotcha, ngati mwana wa m'mimbayo si wako. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mphwanga."

Lines anayankhula asanatembenuke. "Bambo, ine ndachikhudza kale. Chandigunda pamimba kasanu ndi kawiri. Ndichite chiyani?"

A Lucius anapukusa mutu. "Mwana wanga, mwambo wake ndi umodzi. Chibwerere kumudzi, chikaperekedwe kwa akuluakulu. Ndipo amene wachikhudza akaonekere yekha, akapepese, amusambitse mankhwala. Sichitumizidwa pa lole ngati mabulangete."

"Mudzi wake uti?"

A Lucius anatembenuza kapepala komangiriridwa ku nsanza, komwe a sitolo analembapo. "Apa angoti Pakati pa Africa. Yamba kwanu ku Dedza. Mwina akachilandira, mwina akati si chathu."

"Akachilandira, mwanayu akhala?"

"Ine si Mulungu. Ndakuuza zomwe ndikudziwa." Anavala chipewa n'kuwerama pa sipinachi wawo.

Pobwerera a Bizwick mawu anawabwerera.

"Lines, taganiza bwino. Mapepala ako anatha chaka chatha. Ukangotulukira pa malire a Beitbridge akudinda chidindo choletsa kubwerera, ine ndikuzidziwa zimenezi. Ntchito ya ku Claremont anthu akuilirira. Mayi ako azidya chiyani ukaisiya? Ndiponso masiku anayi m'basi ndi mimba imeneyi, adokotala aja anati usamayende mitunda italiitali. Ukhoza kukataya mwana pa Tete chifukwa cha chipika cha mtengo!"

"Ngati ndi chipika, bwanji mwachikoleka ku tsache?"

A Bizwick anayang'ana tsachelo.

"Ndikakhala, n'kupitanso padera, ndidzati ndi chimenechi," anatero Lines. "Ndikapita, n'kupita padera panjira, ndidzati ndi basi. Bola basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ndiye ndipite nawe."

"Mukakhale wosameta wachiwiri pamaso pa amalume? Khalani, muzilondera nyumba za eni ake. Wina azitumiza chakudya."

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Jumbo inagona padenga, itapanikizidwa ndi tayala lakale kuti mphepo isaiulutse, ndipo mayi mwini malo, Mxhosa, anayamba kufunsa kuti Amalawi aika chiyani pamwamba pa nyumba yake. Lolemba m'mawa foni ya Lines inalira. Unali uthenga wa a Fiona: "Uli kuti lero? Chinthu chija anthu akwanu anachilandira bwino? Mtima wanga wapepuka kwabasi."

Lines analemba kuti chili panjira, madamu, ndipo pezani munthu wina wa ntchito. Anazimitsa foni.

Lachiwiri masana anali pamzere wa basi ya ku Johannesburg, komwe akakwere ina ya ku Lilongwe. A Bizwick anali atanyamula sutikesi. Jumbo ija, yomwe tsopano inali m'chikwama chachikulu chamizeremizere chomangidwa ndi chingwe, Lines anainyamula yekha. Msana unkamuwawa chakumunsi kuyambira m'mawa, koma sanauze munthu.

Wokweza katundu anaponya sutikesi kunsi kwa basi, n'kuloza chikwamacho chili pansi pakati pa awiriwo.

"Ichi n'cha ndani? Muli chiyani?"

A Bizwick anayang'ana kumbali.

"N'changa," anatero Lines. "Musaponye. Ndikhala nacho pampando."